Kodi Galimoto ya Mamiliyoni Iyenera Msewu wa Mandevu?

Pakati pa nkhani zimene anthu a ku Mandevu amatsutsana madzulo ntchito ikatha, m'magalaja opanda denga amene andanda m'mbali mwa msewu wa Great North ndi pa makonde a tuntemba, palibe imene imagawa akulu ndi anyamata monga nkhani ya magalimoto aja a mipando iwiri, otsika mimba, obangula polira, amene mtengo wa imodzi yokha ungagule mzere wathunthu wa nyumba za m'komboni. Ferrari kapena Lamborghini ndi mlendo wosowa mu Lusaka, woti munthu angathe chaka osamuona, ndipo ingakhale Porsche imadziwa misewu ya Kabulonga ndi bwalo la Manda Hill koposa tinjira ta Chaisa ndi Marrapodi. Komatu foni ya m'manja idalowetsa magalimoto amenewa m'nyumba iliyonse, kotero kuti mnyamata amene sadagwirepo chiwongolero chibadwire angakuuzeni liwiro la iliyonse, dziko limene ichokera, ndi woimba kapena wampira amene ali nayo. Ndipo pansi pa mkangano wa anyamatawo pagona funso la akulu: kodi n'koyenera kuti munthu wa m'dziko lino, amene Mulungu wamdalitsa ndi chuma, agule chinthu chotere ndi kuyenda nacho pamaso pa abale ake amene amagula ufa wa pamela wa tsiku limodzi?

Tiyambe tamva zimene anyamatawo amayerekeza, pakuti sanena zopanda mutu. Ena ali pambuyo pa Ferrari, ya chizindikiro cha kavalo, imene Enzo Ferrari adayamba kupanga ku Maranello m'dziko la Italy mu 1947, nati iyo ndiyo mfumu, popeza idabadwira pa bwalo la mpikisano ndipo sidaphonyepo chaka mu Formula One kuyambira 1950. Ena aima ndi Lamborghini, ya chizindikiro cha ng'ombe yamphongo, imene adayambitsa mu 1963 Ferruccio Lamborghini, munthu amene adalemera ndi kupanga mathirakitala. Ndipo amakonda kusimba kuti mkuluyu adalowa ntchitoyi ndi mkwiyo, atakadandaula kwa Ferrari za kalachi ya galimoto yake nabwezedwa monga mlimi wosadziwa kanthu. Ofatsa amasankha Porsche 911 ya ku Stuttgart, ya injini kumbuyo, imene idaonekera koyamba mu 1963, ponena kuti iyo yokha ndiyo munthu angapite nayo kuntchito tsiku ndi tsiku. Mkangano ukafika pothina, wina amatchula Bugatti Chiron, ya masilinda 16 ndi mphamvu ya akavalo 1,500, yothamanga makilomita 420 pa ola, imene adapanga 500 zokha pa dziko lonse lapansi. Pamenepo wodziwa masamu amawerengera kuti makilomita 140 a pakati pa Lusaka ndi Kabwe ingawamalize m'mphindi 20, msewu utakhala wake wokha.

Mbali ziwiri za mlanduwu ndiziika m'kamwa mwa anthu awiri a mtundu umene aliyense wa ku Mandevu audziwa: makaniko wachinyamata, amene adaphunzira ntchito atagona chagada pansi pa maminibasi a Hiace, ndi amalume ake, mkulu wa mpingo, amene pa unyamata wawo adayendetsa malole a mafuta pa msewu wa ku Tanzania.

"Amalume," atero mnyamatayo atavula kapusi, "munthu akalima munda wake nakolola, sitimuuza kuti adye nsima yochepa chifukwa kwa mnansi wake mvula idavuta. Inu nomwe mudatilera kuti tizidya za thukuta lathu, osasirira za wina. Koma taonani mwambo umene tili nawo kuno: munthu akamanga nyumba yosanja timati wakhwima, akagula galimoto yabwino timati wapereka mwana wake nsembe, ndipo chifukwa cha ichi aliyense amene zamuyendera amathawira kumayadi, namanga mpanda wautali wa waya wa magetsi, osabweranso kudzaona kumene udagwera mchombo wake. Inu mudaona ndi maso masiku a chipani chimodzi, pamene lamulo lidaletsa atsogoleri kukhala ndi malonda awoawo, ndipo kutchedwa wapamwamba kudali chitonzo. Kodi kufanana kuja kudatisiyira chiyani, kupatula mizere ya sopo, ya mafuta ophikira ndi ya ufa m'zaka za m'ma 1980?"

Pa nkhani ya msonkho mnyamatayu waponda pouma. Galimoto iliyonse yolowa pa Chirundu, pa Nakonde, kapena pa mlatho wa Kazungula umene udatsegulidwa mu 2021, iyenera kuima pamaso pa a msonkho a ZRA. Ndipo pa galimoto yatsopano ya injini yaikulu, msonkho wa pachipata, msonkho wa zinthu zapamwamba ndi VAT ya 16 peresenti zikaphatikizana, zimapitirira theka la mtengo umene mwiniyo adagulira. Tsono, atero iye, munthu mmodzi wogula Ferrari mwachilungamo waponya m'thumba la boma ndalama zimene ogula Vitz makumi angapo sangafikepo. Ndipo ngati ndalamazo sizikumba ngalande m'komboni ya Chipata, mlandu uli pa osunga thumba, wogula uja wachita mbali yake.

Koma chimene chimamtentha mtima koposa ndalama ndicho luso, ndipo pano ndiyenera kumpatsa mpata wokwanira, chifukwa akulu kawirikawiri samumvetsa. Ndani wa ife sadaone mwana wa ku Mandevu atakhala pafumbi ndi pulayala yobwereka, akupinda waya wotola kumpanda, akudula matayala m'patapata wakutha, akumanga mfundo zonse ndi mphira wa chubu, kufikira itatuluka galimoto ya zitseko zotseguka, ya nyali za zitsekerero za botolo, ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno? Mwana ameneyo sataya tsiku lake kupanga wilibala. Amapanga chokongola koposa chimene maso ake adaonapo. Ndipo ndi yemweyo amene akakula amawotcherera mafelemu a zitseko ku Garden ndi ku Kalingalinga, kapena amatsitsa injini ya Rosa ndi unyolo pa nthambi ya mtengo, naibwezera ikulira bwino koposa kale. Munthu wotere akamva injini ya masilinda 12 ikudzuka, khutu lake limamva zimene ife ena sitimva: zitsulo zoyezedwa mosamala, zosasemphana ingakhale ndi tsitsi limodzi, ntchito ya amisiri anzake a kutsidya la nyanja. "Mukachotsa pamaso pa mwana chinthu chopambana, mwamdula manja," atero iye. "Ndipo mundikhululukire, amalume, pakuti Malembo muwadziwa koposa ine: pamene mayi uja wa ku Betaniya adatsanula mafuta onunkhira a mtengo wapatali, amene adadandaula kuti akadagulitsidwa ndi kupatsa aumphawi sadali munthu amene inu mungafune kufanana naye." Amawonjezanso kuti dziko lino lili ndi mbiri ya liwiro yosachititsa manyazi, popeza Satwant Singh adakhala katswiri wa Africa yense pa mpikisano wa rally maulendo 8, Muna Singh nadzatenga ulemu womwewo mu 2004 ndi 2005, makamu a m'makomboni akukhamukira kutchire kukameza fumbi lawo mokondwera.

Amalumewo sayankha msanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo akatsegula pakamwa amayambira kutali, monga achitira akulu.

"Mwana wa mlongo wanga, za luso wanena bwino, ndipo ine sindidana ndi Mtaliyana kapena ntchito ya manja ake, pakuti ndidakalamba ndikudya za ntchito imeneyo. Komboni ya Marrapodi imene tiyandikana nayoyi idatenga dzina kwa Mtaliyana amene ankaotcha laimu ndi njerwa pano, Lusaka isanakhale likulu mu 1935. Khoma la Kariba adamanga ndi Ataliyana, nalimaliza mu 1959. Pamene Ian Smith adadzitengera ulamuliro ku Rhodesia mu Novembala 1965, njira ya mafuta ya kumwera n'kutsekeka, malole a Fiat ndiwo adasenza mafuta kuchokera ku Dar es Salaam pa msewu wa matope umene tinkautcha Hell Run, msewu umene udameza anzanga ambiri. Ndipo paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, imene idafika ku Ndola mu 1968, adayalanso ndi iwo. M'zaka za m'ma 1970 ana a Zambia ankalumikiza okha magalimoto a Fiat ku Livingstone, mphunzitsi ndi kalaliki n'kumagula. Zonsezi zidachokera kumene ichokera Ferrari, ndipo zonsezi zidanyamula mtundu wonse pamsana. Tsono undiuze iwe: iyi ya mipando iwiri inyamula yani? Kukagwa maliro, itenga bokosi kupita ku manda a Chingwere? Mayi wapakati nthawi yake ikakwana pakati pa usiku, ilowa m'kanjira kathu kudzamtenga?"

Za msewu amalume sasowa mboni. Mimba ya magalimoto amenewa imatalikira pansi masentimita 10 kapena 12 okha, kotero kuti hampu wamba la pafupi ndi sukulu limaikwapula, dzenje limodzi n'kuphwanya limu la mtengo woposa Corolla yathunthu. Ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, madzi akadzaza m'misewu ya Kanyama, Chawama ndi Mandevu kufikira m'mawondo, chuma chonsecho chimakhala m'nyumba chitafunditsidwa nsalu. Opanga enieniwo adachiona ichi, chifukwa chake Porsche idatulutsa Cayenne yokwera miyendo mu 2002, Lamborghini n'kutsatira ndi Urus mu 2018, Ferrari ndi Purosangue mu 2022. Ndiponso galimoto yotere ikadwala, nyumba yake yapafupi ili ku Johannesburg: imakwezedwa pa lole, niwoloka malire, nikakonzedwa ndi anthu a kumeneko okhala ndi kompyuta yolankhula nayo, mnyamata wathu wa sipanala uja osaloledwa ngakhale kutsegula boneti. Luso limene aliyamikira limdutsa pakhomo osamsiyira kanthu. Ndipo ndalama yogulira si kwacha, koma madola amene mkuwa wathu umabweretsa movutikira, madola omwewo amene dziko lidasowa mu Novembala 2020 pamene lidalephera kulipira chiwongoladzanja cha ngongole zake zakunja. Ferrari yatsopano yotsika mtengo koposa imapitirira madola 200,000 msonkho usanalowepo. Ndalama zomwezo zingagule maminibasi a ku Japan oposa 10, ndipo minibasi iliyonse imadyetsa dalaivala, kondakitala, woitanira, wotsuka, ndi makaniko yemweyo amene akutsutsana ndi amalume ake.

"Wanditchulira mayi wa ku Betaniya," apitiriza mkuluyo, "koma iye adatsanulira mafuta ake pa wina, sadadzidzoze yekha pabwalo kuti anthu amuone. Ukafuna munthu wa m'Malembo wofanana ndi awa, funa Abisalomu, amene adadzikonzera galeta ndi akavalo ndi amuna 50 othamanga patsogolo pake, pofuna kuba mitima ya anthu. Ingakhale Solomoni, ndi magaleta ake 1,400, lililonse lochokera ku Aigupto pa masekeli a siliva 600, atangoikidwa m'manda anthu adadza kwa mwana wake Rehobowamu kudzapempha kuti awapeputsire goli. Pamenepo ndi pamene zidadziwika kuti magaleta aja adalipira ndani. Chikomekome cha mkuyu, mwanawe, m'kati muli nyerere."

Ndipo nyerere zimenezi dziko lapansi lidaziona poyera mu Seputembala 2019, pamene pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland adagulitsa pa okushoni magalimoto 25 amene boma la kumeneko lidalanda kwa Teodoro Nguema Obiang Mangue, mwana wa pulezidenti wa Equatorial Guinea, amenenso ndi wachiwiri kwa bambo ake. Mudali ma Ferrari, ma Lamborghini ndi ma Bentley, ndipo zonse pamodzi zidagulidwa pafupifupi madola 27 miliyoni, chuma cha dziko la mafuta limene anthu ake ambiri ali mu umphawi. Si yense woyendetsa galimoto yotere amene adaba, ndipo kunena tero kukanakhala kuchitira umboni wonama. Koma amalume ali ndi chifukwa chofunsira, pamene aona munthu wa malipiro a boma odziwika kwa onse akuyenda m'chinthu chimene malipirowo sangagule pa moyo wake wonse, kapena mlaliki akuonetsa magalimoto ake monga umboni wa kudzozedwa, chikhalirecho adagulidwa ndi chakhumi cha amayi ogulitsa tomato pamsika.

Pali mfundo ina imene kwa ine ilemera koposa zonse, ndiyo ya magazi. Mbandakucha wa pa 8 Novembala 2020, Genius Kadungure, amene achinyamata a chigawo chino chonse ankamdziwa ndi dzina lakuti Ginimbi chifukwa cha magalimoto ake, adafa pa msewu wa Borrowdale ku Harare pamodzi ndi anzake atatu, mmodzi wa iwo Mmalawi, Rolls-Royce yake itawombana ndi galimoto ina, nikagunda mtengo, niyaka moto. Adali ndi zaka 36. Kuthamanga sikufika. Komatu imfa ya wolemera imalembedwa m'nyuzipepala, pamene choipa chenicheni chimatsikira kwa ife mwakachetechete. Ferrari siifika ku Mandevu, koma mtima wake umafika: umafika mwa mnyamata amene wakongola ndalama nagula Altezza kapena Mark X yotopa, naiboola ekizozi kuti ibangule, naithamangitsa pa Great North matayala atasalala, mowa uli m'mutu. Amene amakumana naye ndi mwana wochokera kusukulu, mayi wosenza beseni la ndiwo, bambo wokankha wilibala ya Zamcab. M'zaka zaposachedwazi misewu ya Zambia yakhala ikupha anthu pafupifupi 2,000 pa chaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi oyenda pansi.

Pomaliza mkuluyo amaloza bwalo la National Heroes, limene lidatsegulidwa mu 2014 pakhomo penipeni pa Mandevu. Kolera ya mu Okutobala 2017 idayambira m'dera la komboni ya Chipata. Ya mu Okutobala 2023 idapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la mpira lija lidasanduka chipatala, abale ataima kunja kwa mpanda kudikira kumva ngati wodwala wawo akali moyo. "Pa msewu womwewo," atero, "kodi munthu wa mtima angadutse akuliza injini ya mamiliyoni?" Mnyamatayo amayankha mwaulemu koma mosagonja kuti kolera imachokera m'zimbudzi zokumba zimene zimasefukira m'zitsime, ndi kuti mutagulitsa magalimoto onse apamwamba a mu Lusaka simungayale mapaipi a madzi ndi a zonyansa okwanira anthu oposa 400,000 a m'chigawo cha Mandevu, ndipo apa anena zoona, pakuti ntchito imeneyo ndi ya boma ndi khonsolo, ndipo nsanje sidakumbepo ngalande.

Ine ndiweruza motere. Pa ufulu mnyamatayo wapambana, ndipo sindifuna lamulo loletsa munthu kugula chimene mtima wake wakonda ndi ndalama yoyera. Ndidana nako kukanda penti ya galimoto ya wina ndi msomali, ndidana nakonso kutchula mfiti aliyense amene watsogola, pakuti chizolowezi chimenechi chatithamangitsira ana athu aluso ambiri. Koma ufulu wogula sudza pamodzi ndi ulemu wa mudzi, ndipo pamenepa amalume andikopa kotheratu. Ulemu ndi chuma chathu ife a m'komboni, ndipo takhala tikuugulitsa motchipa: galimoto yonyezimira ikaima, ana amathamanga, akulu amati "bwana" ndi "ba boss" asanadziwe ngakhale ntchito ya munthuyo, pamene mzamba amene wabadwitsa theka la komboni, kapena mmisiri amene waphunzitsa anyamata ambiri kuwotcherera, adutsa wapansi popanda womupatsa moni. Mwana amaona zimenezi, ndipo amaphunzira msanga chimene akulu ake amagwadira. Wamalonda amene mabuku ake ali poyera ayende nayo mwamtendere. Koma wodya za msonkho kapena za mbale ya chopereka ayenera kufotokoza kumene adaitenga. Lamulo lolanda chuma chopezeka mwachinyengo tili nalo kuyambira 2010, khoti la milandu ya zachuma lidakhazikitsidwa mu 2022, ndipo zida zimenezi ziyenera kugwira wa chipani cholamula monga zigwira wa chipani chotsutsa.

Kwa inu amene muli nawo magalimoto amenewa, kapena muli pafupi kugula, pempho langa ndi lochepa poyerekeza ndi chuma chanu. Sonkhanani mumange bwalo lotchingidwa kunja kwa mzinda, monga anzanu a ku Johannesburg amathamangira pa Kyalami, kuti liwiro lanu ndi la anyamata a Altezza lichoke pa msewu umene ana athu amawoloka. Ndipo galimoto yanu ikadzakwera lole kupita kukakonzedwa kumwera, mutengeko mnyamata mmodzi wa m'galaja ya ku Mandevu, mumlipirire maphunziro ake, kuti ikadzadwalanso idzakonzedwe pano ndi manja a mwana wa kuno.